MCHENGA WA NAMIKOKWE NDI NDARAMA ZA CHITUKUKO

Eni mabanja a ku Mua, a ku Mtakataka ndi a ku Golomoti, mwezi uno tifuna kucheza nanu za chinthu chimene sichitchulidwa kawirikawiri m'tchalitchi, chingakhale chikhudza nsima ya mwana ali yense wa m'midzi mwathu. Ndicho kagawidwe ka dziko lino la kunsi kwa mapiri, pamodzi ndi ndarama zimene Boma, Khonsolo ya Dedza ndi abwenzi a kunja aika pa ntchito zazikulu, monga ngalande, madamu, miseu, milatho ndi misika. Kapena wina adzati, Kodi mphunzitsi wa katekisimu alowa bwanji m'nkhani za mapu ndi simenti? Timuyankha kuti mai amene munda wache wakwiririka ndi mchenga pa Loweruka ndi yemweyo adza ku Misa pa Lamulungu, ndipo sitingathe kumphunzitsa kupempha chakudya kwa Atate wa kumwamba titatseka maso pa chimene chamlanda chakudyacho.

Tiyambe ndi kuyang'ana dziko lenilenilo monga Mulungu adaliumba. Boma la Dedza liri ngati nyumba yosanja, chipinda china pamwamba, china pansi. Kumtunda, kumene kukhala Bwana DC ndi Khonsolo, nkozizira, ndipo anthu alima kachewere, nyemba ndi kabichi. Kunsi kuno nkotentha, dziko la milambe, la mpunga, la thonje ndi la nsomba. Pakati pa zipinda ziwirizo pali phiri lalitali lotsetsereka, limene munthu ali yense adakwerapo galimoto pa mseu wa Khwekhwerere, kuchokera pa Golomoti kunka ku Masasa, alidziwa ndi m'mimba mwache momwe. Mitsinje yathu, Nadzipokwe, Namikokwe, Livulezi ndi inzache, ibadwira pa phiri limenelo, nitsika ndi liwiro. Ikafika pachigwa itaya mphamvu, nitula katundu amene idasenza. Phiri likakhala lobvala mitengo, katunduyo ndi dothi la chonde, lonenepetsa madimba. Phiri likakhala lamaliseche, katunduyo ndi mchenga ndi miyala.

Makolo athu adadziwa zimenezi popanda pepala. Mudzi adaumanga pa chitunda. Kudambo adasiyako mpunga ndi madimba. Ng'ombe zinali ndi busa lao ndi njira yao yonkera kumadzi. Msitu wa kumanda sunkhudzidwa ndi nkhwangwa. Ndipo m'mbali mwa mtsinje munali bango, nsenjere ndi mikuyu yogwira gombe. Ameneyo anali mapu ndithu, angakhale adalembedwa m'mitu ya nyakwawa ndi ya eni mbumba. Ansembe oyamba a White Fathers, pofika ku Mua mu 1902, adatsata nzeru yomweyo, namanga Mishoni patsinde pa phiri, pamalo okwera pafupi ndi Nadzipokwe, pamene madzi ali pafupi koma dambo liri kutali.

Koma anthu tachuluka. Pa kalembera wa 1966 dziko lonse la Malawi linali ndi anthu ngati 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tidapitirira 17 miliyoni, ndipo boma la Dedza lokha linali ndi anthu oposa 830,000. Nthaka siidakule ndi phazi limodzi lomwe. Chifukwa chache nyumba zatsikira kudambo, makasu akwera kuphiri, busa lasanduka minda, ndipo mapu a m'mutu aja sakwanirananso ndi milandu ya malire imene idza pabwalo la mfumu chaka ndi chaka. Tsono pafunika mapu a papepala, ndipo pafunikanso ndarama za anthu onse zomangira zinthu zimene banja limodzi silingathe kumanga. Pamenepo palibe wokana. Funso lathu ndi lakuti, Kodi mapuwo alembedwa ndi yani, ndipo ndaramazo ziyamba kugwera pati?

Ntchito yaikulu yoyamba imene idadutsa m'chigwa chino inali njanji. Idafika ku Salima mu 1935, chaka chomwecho chimene adatsiriza mlatho wa Zambezi pa Dona Ana. Idaganiziridwa ku London ndi ku Zomba, ndi chiyembekezo chakuti thonje ndi malonda a panyanja zidzabweza ndarama zache. Koma katundu sadachuluke monga adawerengera, ndipo ngongole ya njanji idakhala goli pakhosi pa dziko la Nyasaland zaka zambiri. Sitinyoza njanjiyo, pakuti masiteshoni a Golomoti ndi Mtakataka ndiwo adabala misika imene tigulamo mchere ndi sopo. Tingokumbukira kuti mu 2003 madzi adagumula mlatho wa njanji pa Rivirivi, kufupi ndi Balaka, ndipo sitima zidaleka kuyenda kuno nthawi yaitali. Chitsulo cha ku England chidagonja kwa mtsinje wa kwathu.

Koma nkhani imene tifuna kukhalitsapo ndi ya sikimu ya mpunga ya Bwanje, chifukwa iri pakhomo pathu, ndipo ambiri a inu muli ndi munda m'menemo, kapena mlongo wanu ali nao.

Sikimuyo idatsegulidwa mu 2000, pafupi ndi Mtakataka, m'dziko la Inkosi Kachindamoto. Boma la Japan lidapereka ndarama zache ngati mphatso, pafupifupi madola 15 miliyoni a ku America. Malo ache ndi mahekitala 800, ogawidwa kwa alimi oposa 2,000, ali yense ngati ekala imodzi. Mamangidwe ache adali otere: adamanga chipupa chopingasa pa Namikokwe chokweza madzi, pambali pache adaika chitseko cholowetsa madziwo m'ngalande yaikulu ya simenti, ngalande yaikuluyo idabala ngalande zazing'ono, ndipo zazing'onozo zidabala timakwawa tofika pa munda uli wonse, monga mitsempha ya m'thupi. Adamanganso dziwe pakamwa pa ngalande, loti mchenga uzitsalira m'menemo, madzi okha napitirira. Amene adaona ntchitoyo iri yatsopano adagwira pakamwa, pakuti chinthu chotere chinali chisanaoneke kuno.

Zaka zitatu zisanathe, mabvuto adayamba kuonekera. Loyamba linali mchenga. Namikokwe adasenza mchenga wochuluka koposa umene amisiri adawerengera. Dziwe lija lidadzala, mchenga nulowa m'ngalande, ndipo alimi adasanduka anthu ofukula mchenga ndi mafosholo m'malo mookera mpunga. Lachiwiri linali gombe. Ngalande yaikulu idayalidwa motsata mtsinje, pafupi nao. Ndipo pa zigumula za m'zaka za 2001 mpaka 2003 mtsinje udadya gombe lache, nufika pa ngalande yomweyo, nuiopseza kuimeza. Akulu adanena kale kuti madzi saiwala khwawa. Munthu ali yense wa imvi wa m'midzi yozungulira akadatha kuloza ndi ndodo pamene Namikokwe adayendapo zaka za makedzana, ndi pamene adzabwererenso; koma zoterezi sizioneka pa chithunzi chojambulidwa nyengo ya chilimwe, mtsinje uli wofatsa ngati mwana wa nkhosa.

Panalinso zina zosaoneka msanga ndi maso a mlendo. Minda yambiri inali yosasalazidwa, ndipo mlimi wa mpunga adziwa kuti munda ukapendekera pang'ono pokha, madzi amira mbali imodzi, mbali ina niuma gwa. Nyengo ya chilimwe, imene anthu adalonjezedwa kukolola kachiwiri, Namikokwe achepa kwambiri, kotero kuti kachigawo kakang'ono kokha ka sikimu ndiko kadalandira madzi. Ndipo dzikolo silinali lopanda eni ai: anthu adali kulima mpunga m'dambomo kale, ndi kudyetsamo ng'ombe, ndi kudziwa malire a makolo ao. Pamene chingwe cha woyeza malo chidadula dambo m'timabwalo tofanana, mtima wa munthu sudaduke nacho pamodzi. Wina adapatsidwa munda pamene mnzache ankati mpa agogo ache, ndipo milandu idatsata. Anthu ophunzira a ku sukulu yaikulu ya Wageningen, ku Holland, adafufuza zonsezi, nalemba nkhani yao mu 2009, naitcha dzina lonena za mchenga wolowa m'injini. Chimene adapeza ndi chakuti sikimuyo idakonzedwa kutali, nitsitsidwa m'chigwa yathunthu, osayamba afunsa bwino eni dziko za mtsinje wao ndi za malimidwe ao.

Tsono ndarama zidatulukanso. Kuyambira 2006 Boma la Japan lidalipira ntchito yokonzanso: adasuntha ngalande yaikulu kuichotsa pafupi ndi mtsinje, adamanganso malo otsalira mchenga, nasalaza minda yambiri. Pambuyo pa 2015 maiko a European Union adalipira damu lalikulu m'mapiri a kumtunda kwa sikimu, losunga madzi a dzinja kuti athirire mbeu za chilimwe. Onani tsono: munda umodzi walipiridwa katatu. Kulipira kwachiwiri kudakonza zimene kufunsa kukadapewa pachiyambi. Kulipira kwachitatu kudabweretsa chimene chidasoweka tsiku loyamba lomwe.

Tisanamizire kuti sikimuyo njachabe. Iai ndithu. Mpunga wa Kilombero wa ku Bwanje, umene fungo lache lidzaza nyumba ukakhala pamoto, wafoleretsa nyumba zambiri ndi malata, waphunzitsa ana, walipira ku chipatala cha Mua, ndipo mtulo wa masika wa m'matchalitchi athu uchitira umboni. Tiyamika Ajapani ndi Azungu a ku Ulaya amene adapereka chuma cha misonkho ya anthu ao kwa anthu osawadziwa. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kakuthwa kafuna mwini mutu anene pamene pali chotupa.

Ambuye athu, m'Mthenga Wabwino wa Luka Woyera, mutu 14, adafanizira za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuwerenga mtengo wache. Ife tiona kuti m'ntchito za chitukuko mtengo uwerengedwa theka lokha. Awerenga simenti, zitsulo ndi malipiro a amisiri kufikira tsiku lotsegulira. Koma mtengo wosunga chinthucho zaka 30 zotsatira sauwerenga, kapena auwerenga ndi mau okha. Ndani adzafukula mchenga? Ndani adzagula girizi wa zitseko? Mjigo ukathyoka, ndani ali ndi ndarama ya chitsulo chache? Yendani m'midzi muwerenge mijigo yakufa, zimbudzi za pamsika zotsekedwa, ndi timilatho timene madzi adatilambalala nasiya simenti iri njo pakati pa mchenga ngati chiliza. Zonsezo zidatsegulidwa ndi nyimbo ndi nthungululu.

Ndipo pali mtengo wina waukulu koposa, umene ndiwo mutu weniweni wa nkhani yathu. Kodi mchenga wa Namikokwe uchokera kuti? Sugwa kumwamba ndi mvula. Uchokera kuphiri, pa minda yolimidwa pamatsitso popanda akalozera, pa magombe olimidwa mpaka m'madzi, ndi pa mauvuni a makala. Boma la Atsamunda lidapatula nkhalango ya Mua-Livulezi mu 1924, makamaka chifukwa cha madzi ndi nthaka ya pamatsitsowo. Ndipo kuyambira 1926 midzi idalimbikitsidwa kusunga nkhalango zaozao. Lero ali yense woyenda pa mseu wa kunyanja wa M5 aona matumba a makala ali ndandanda, kudikira magalimoto a m'tauni. Thumba liri lonse ndi mitengo ingapo imene mizu yache siidzagwiranso dothi. Ndipo dothilo, mvula ikagwa, lidzatsika kudzagona m'ngalande ya mlimi wa mpunga, ndi pansi pa damu limene lidadya ndarama zosawerengeka. Damu silifa ndi kuphulika kokha. Lifanso mwakachetechete, podzala matope chaka ndi chaka, kufikira tsiku limene lisunga dothi m'malo mwa madzi.

Pano tichenjere ndi lilime lathu. Nkwapafupi kwa ife okhala ndi mpunga m'nkhokwe kutukwana wootcha makala. Koma iyeyo ndi Mkristu mnzathu, wa mphakati wa kumtunda, amene chimanga chidamthera mu Novembala, ndipo mwana wache adwala malungo. Sapita kuphiri chifukwa chokonda utsi. Wogula makalawo ali ku Lilongwe, ku Salima ndi pa Dedza pomwe, ndipo ena a ife tiphikira omwewo. Lamulo la nkhalango la 1997 liripo, ndi zilango zache. Koma chilango chokha sichidamerepo mtengo. Chimene tinena ndi ichi: ngati anthu a chigwa alandira ngalande ya madola mamiliyoni, anthu a pamatsitso, amene agwira moyo wa ngalandeyo m'manja mwao, ayenera kulandirako kanthu koti asiyire nkhwangwa, kaya ming'oma ya njuchi, kaya nazale za mitengo zolipidwa, kaya kamseu kotulutsira zokolola, kaya kadamu kakang'ono ka dimba. Mapu othera pa chitseko cha ngalande ndi mapu a theka la mtsinje.

Nanga chifukwa ninji ndarama sizikwera kuphiri? Chifukwa mtengo umene sudadulidwe ulibe tsiku lotsegulira. Palibe nduna idzadza ndi galimoto kudzadula nsalu pa gombe limene silidagumuke. Wofuna voti afuna chinthu chooneka pamseu, chopakidwa utoto, cholembedwa dzina. Ndipo ife eni voti, tinene zoona, ndife amene tidamphunzitsa zimenezo, pakuti tiombera m'manja nyumba yatsopano, koma wofukula ngalande yakale sitimuona. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano tifotokoze za njira imene malamulo adatsegulira anthu wamba, pakuti ambiri saidziwa, ndipo khomo losadziwika liri ngati khoma. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono, lija lidafalitsidwa ndi mau akuti mphamvu ku anthu. Mwa dongosolo limenelo chitukuko chiyenera kuyambira pansi: pa gulupu pali komiti ya chitukuko ya mudzi, imene mwazolowera kuitcha VDC, pa mfumu yaikulu pali komiti ya dera, ADC, ndipo zofuna za midzi zikwera makwerero amenewa kufikira zilowe m'buku la chitukuko la boma lonse la Dedza, limene Khonsolo iyenera kutsata pogawa ndarama. Papepala nzokoma. Koma kumbukirani kuti makhansala osankhidwa mu 2000 atatha nthawi yao mu 2005, dziko lidakhala lopanda makhansala mpaka 2014. Zaka 9 zimenezo mwana adabadwa nafika Sitandade 3 osaonapo khansala. Ndipo akulu adazolowera kuganiza kuti chitukuko ndi mphatso yochokera m'thumba la munthu wamkulu, yoyenera kuilandira chogwada.

Kuyambira 2006 padabweranso thumba la chitukuko la dera la phungu ali yense, lotchedwa CDF, limene mu 2024 lidafika pa K200 miliyoni pa chaka pa dera limodzi. Pa thumba limeneli padakhala kukokana kosatha pakati pa aphungu, makhansala ndi alembi a makhonsolo. Ndipo mu May 2025 Bwalo Lalikulu, poweruza za malamulo oyendetsera dziko, lidagamula kuti si ntchito ya aphungu kuyendetsa thumbalo kapena kuponya voti m'khonsolo. Mkangano wa mwini kiyi tiusiyira akuluakulu. Ife tingoti, kiyi akhale ndi uyu kapena uyo, ndaramazo nza msonkho: zidachoka pa sopo, pa shuga ndi pa mafuta a nyale amene mudagula. Wofunsa za ndarama zotere sachita mwano. Afunsa za mbuzi yache imene adaikiza kwa mbusa.

Za nthaka namonso malamulo adasintha. Mu 2016 adakhazikitsa malamulo atsopano a malo, amene adakonzedwanso mu 2022. Limodzi la iwo lidati dziko lonse, ndi midzi yomwe, liyenera kukonzedwa pa mapu, osati matauni okha monga kale. Lina, la malo a makolo, lidalola banja kulembetsa munda wache ndi kulandira chikalata. Lidalamulanso kuti pa gulupu pakhale komiti ya malo, gulupu ali wapampando, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo mwa iwo amai asachepere 3. Inu amai a Chikatolika, amene mudziwa kuyendetsa bungwe, kusunga thumba la maliro ndi kuphikira anthu 300 pa tsiku la Ukaristia woyamba, mipando itatuyo njanu. Musaisiyire mkazi wa mfumu ndi alamu ache okha.

Tipatuke pang'ono, chifukwa pano pali msampha wa mabanja. M'midzi yambiri ya kuno munda utsata mbumba: mwamuna adza kudzakhala chikamwini, nalima nthaka ya akuchikazi. M'midzi ina, makamaka ya Angoni, mkazi ndiye atengedwa. Tsono mlembi akadza ndi buku nafunsa kuti, Mwini munda ndani? kawirikawiri aimirira ndi bambo, chifukwa ndiye azolowera kuyankha alendo. Dzina likalowa m'buku, lakhala. Tsiku la maliro, kapena tsiku limene ukwati wagwedezeka, pepala lidzalankhula mokweza koposa mboni zonse za m'mudzi, ndipo mai wamasiye ndi ana angathe kupezeka ali kunja kwa munda wa amai ao omwe. Chifukwa chache bambo ndi mai akhale pansi, aitane ndi mwini mbumba yemwe, agwirizane za maina olembedwa mlembi asanafike. Ukwati wa Chikristu uli thupi limodzi. Chikalata cha munda chisaugawe pawiri.

Ndipo ofuna malo adzachuluka. Taonani pa Golomoti. Mu 2022 kampani ya JCM Power idatsegula pamenepo munda wa magalasi okolola dzuwa, wotulutsa magetsi okwana mamegawati 20, pamodzi ndi mabatire aakulu osungira magetsiwo. Adasankha Golomoti chifukwa dziko nlathyathyathya, dzuwa nlosasowa, ndipo nthambo zazikulu za ESCOM zikumana pomwepo. Chaka chomwecho, mu January, namondwe Ana adaononga damu la Kapichira pa Shire, dziko nilitaya pafupifupi mamegawati 130. Kotero dzuwa la kwathu, limene tidandaula nalo mu Okutobala, lidathandiza kuunikira dziko lonse pa nthawi ya mdima. Ichi nchinthu chonyaditsa. Koma chitiphunzitsanso kuti nthaka ya m'mbali mwa mseu, ya m'mbali mwa njanji ndi ya m'mphepete mwa nyanja yayamba kuonedwa ndi maso a anthu a ndarama. Adzabwera ena, wina wa hotela, wina wa munda waukulu, wina wa fakitale. Ena adzadza ndi zabwino. Koma mudzi umene sudagwirizane kale kuti apa mpa manda, apa mpa busa, apa mpa dooko la asodzi, apa mpa sukulu ya adzukulu, udzagulitsa chidutswa chidutswa, usiku, munthu ndi munthu. Ndipo ndarama ya chipepeso itha msanga ngati mame, pamene nthaka ikadadyetsa mibadwo. Naboti wa m'Buku Loyamba la Mafumu adakana kugulitsa cholowa cha makolo ache ngakhale kwa mfumu. Ife tigulitsa chathu kwa munthu amene dzina lache lomwe sitilidziwa, pa mtengo wa njinga yamoto.

Papa Fransisko, m'kalata yache ya 2015 yotchedwa Laudato Si', adaphunzitsa kuti kusamala chilengedwe ndi kusamala amphawi ndi ntchito imodzi. Kuno sitisowa buku lotitsimikizira zimenezo. Tiziona pa Namikokwe. Chigumula sichiyamba ndi nyumba ya njerwa zootcha ya pa chitunda. Chiyamba ndi nyumba ya zidina ya mkamwini wosauka amene adapatsidwa malo kudambo chifukwa kwina kudatha.

Tikadafunsidwa ife za kagawidwe ka ndarama za chitukuko m'chigwa chino, tikadati ziyambe ndi kusunga zimene ziripo, zisanamange zatsopano. Ndipo pa ndarama iri yonse yogwera m'chigwa, gawo lache likwere kuphiri kumene madzi achokera. Tikadatinso Khonsolo, pamodzi ndi mafumu, iloze poyera malo amene madzi afikako, ndi kupezera anthu okhala m'menemo malo ena okwera. Pakuti kuuza munthu kuti samuka osamuonetsa kopita ndi kumseka chabe. Mlatho umodzi wolimba, womangidwa pamene mtsinje udzayenda ndithu, upambana timilatho tisanu togawira midzi isanu kuti yonse ikondwe chaka cha chisankho. Tidziwa kuti mau awa sakoma kwa mudzi umene udzatsala. Ifenso tiri ndi mudzi, ndipo tifuna kamlatho kathu. Koma mai wapakati wonyamulidwa usiku kunka ku chipatala cha Mua safunsa kuti mlatho uli m'mudzi wa yani. Afunsa ngati ulipo.

Chotsala ndi nthawi. Kuyambira 2022 chaka cha ndarama za Boma chiyamba pa 1 April. Ndiye kuti mapulani akambidwa miyezi ya m'mbuyo mwache, nyengo ya dzinja, pamene inu muli kumunda kuokera ndi kupalira, mitsinje iri yodzala, ndipo palibe wa nthawi yokwera ku Dedza. Mudzi wodikira kufunsidwa nthawi imeneyo udzapeza buku litatsekedwa. Mau a mudzi ayenera kupsa m'chilimwe, mpunga utalowa m'nkhokwe, mvula isanagwe. Chifukwa chache tipempha atsogoleri a miphakati kuti, atatha mapemphero a mwezi uno, asabalalitse anthu msanga. Afunse kuti ndani mwa Akristu ali m'komiti ya chitukuko, ndani ali m'komiti ya malo, ndipo msonkhano wotsatira udzakhala liti. Ndi kuti anthu apite, Akatolika pamodzi ndi anansi ao a mipingo ina, Asilamu ndi a kudambwe, pakuti mtsinje sufunsa kalata ya ubatizo.

Pa msonkhanopo, ntchito ikatchulidwa, funsani mwaulemu mtengo wache, ndi thumba limene ndarama zichokera, ndi dzina la amene adzaisamala itatha. Pemphani kuti ziwerengerozo zilembedwe pa bolodi pamalo a ntchito, pamene mwana wa sukulu angathe kuziwerengera agogo ache. Ndipo musapite manja okha. Wodziwa kulemba atenge kope, akhale pansi ndi nkhalamba ziwiri kapena zitatu za m'mudzi, amuna ndi akazi, alembe dzina la khwawa liri lonse, chaka chimene lidasefukira, mtengo kapena chulu pamene madzi adalekeza, ndi njira yakale imene mtsinje udasiya. Kope limodzi lisungidwe kwa gulupu, lina liperekedwe m'manja mwa khansala, anthu akuona.